Kachitseko ka kuseri kwa masitolo

Lero kuchipatala kuno ku Rumphi amatsuka zimbudzi ndi mankhwala akuda aja. Nditangomva fungo lake ndalavula, landikumbutsa ku Limbe.

Ndinali wamng'ono pamene ankhazi, alongo awo a bambo, ananditenga kukakhala nawo ku Limbeko. Ankagwira ntchito m'sitolo ya nsalu. Masitolowo anali ogundana, khoma limodzi nyumba ziwiri, kutsogolo khonde lalitali la mizati, eni ake akugona kuseri. Okongola chomene, osati timagolosale ta masiku anoti.

"Ukachita ulesi ndikukweza basi, ubwerere kwanu," anatero ankhazi.

Ndiye m'mawa mwake ndinazungulira kuseri, m'kanjira kopanikiza, kufunafuna chogwira. Nyumba iliyonse inali ndi kachitseko m'munsi mwa khoma. Kwathu ku Chiweta kachitseko kotere ndi ka nkhuku. Ndinati nditole mazira andiyamikire. Fungo ndinalimva ndithu, koma khola linayamba lanunkhirapo?

Ndinagwada, kutsegula, kupisa mkono mpaka pachigongono. Mayo ine, ndowa ya chimbudzi! Yodzadza, yofunda, yonunkha mankhwala akuda aja, ntchentche kuti wuu kumaso. Kani kachitsekoko kanali kotulutsira ndowayo.

Pamwamba panga, m'chimbudzimo, munthu anatsokomola.

"Ndani pansipo?"

Anali mawu a ankhazi. Ine mkono uli momwemo.