Mlandu wa munthu amene anauka mu paati thuu

Chaka chimenecho mvula inachedwa, ndipo dzuwa la Okutobala linkaotcha mpaka nkhuku zinkayenda kukamwa kuli yasa. Kanema anali atangofika kumene pa Namitambo. Munthu wina wa ku Limbe anamanga chisakasa cha nsungwi kuseri kwa masitolo, nachikuta ndi matumba a feteleza kuti kuwala kusalowe. Jenereta inkakhala panja, sipika anaipachika mumtengo wa bulugamu. Ukamadutsa popita kuchipatala unkangomva mfuti ndi kukuwa kwa anthu.

Ine sindinkalowamo. Wolowamo tsiku ndi tsiku anali mlamu wanga, mlongo wa akazi anga, amenenso ankatsogolera kwaya kumpingo kwathu. Azungu a mu kanema amalankhula Chingerezi chothamanga, choncho mwini chisakasa anamulemba mlamu wangayo ganyu yoima pambali pa wailesi ya kanemayo n'kumauza anthu m'Chinyanja zimene zikunenedwa.

Mlandu unabwera ndi mayi wina wa mumpingo amene ankagulitsa zitumbuwa pansi pa bulugamu uja. Iye anamva mawu a mlamu wanga pa sipika akufuula kuti, “Anamuika m'manda, koma taonani wauka!” ndipo anthu m'katimo anaomba m'manja. Mayiyo anakanena kwa akulu a mpingo kuti wotsogolera kwaya akupereka ulemerero wa Ambuye kwa chigawenga cha mfuti. Mgonero unali pafupi. Akulu anati ngati zili zoona, mlamu wanga aimitsidwa kudya mgonero ndipo kwaya aisiya.

Mkulu wina wokalamba, amene ankayendera ndodo ya nsungwi, anandiitana.

“Inu ndinu mkamwini pabanja pamenepo. Pitani mukaone ndi maso, mudzatiuze.”

Mkamwini sakana ntchito. Koma ndinene zoona, mtima wanga unalinso ndi funso lakelake. Ndinkafuna kudziwa chimene chimakuwitsa amuna akuluakulu masana dzuwa likuswa mtengo, pomwe kutchalitchi ameni yekha amachita kuwakoka.

Ndinapita tsiku la msika, masana. Mlamu wanga atandiona pakhomo anagwira pakamwa.

“Alamu! Mwasochera kodi? Kutchalitchi ndi uko.”

“Ndatumidwa.”

“Ndikudziwa.” Anayang'ana pansi pang'ono, kenaka anaseka. “Khalani benchi yakutsogolo. Yakumbuyoko nsikidzi zake sizidziwa kuti uyu ndi munthu wa Mulungu.”

M'katimo munali mdima ndi fungo la thukuta ndi usipa. Wina kumbuyo anati, “Lero tiyamba ndi pemphero, kwabwera abusa.” Mnzake anamuyankha kuti, “Si abusa awo, ndi akazitape a kumwamba.” Ndinaseka nawo, nanga ndikanatani.

Amene anakhala pafupi nane, bambo wokonza njinga, anandifotokozera kuti kanemayu ndi gawo lachiwiri, iwo ankati paati thuu. M'gawo loyamba, mwamuna wa nkhaniyo nyumba inamugwera ikuyaka moto, anthu onse pa Namitambo n'kumulira.

Chithunzi chitayamba tinaonadi manda, ndi mkazi wovala zakuda akuikapo maluwa. Kenaka mapiri oyera mbuu, ndi chimunthu cha mapewa ngati chitseko chikuwaza nkhuni. Chisakasa chonse chinagwedezeka ndi mfuu. Mlamu wanga anandiyang'ana, nanena motsitsa kuti, “Ndi yemwe uja.”

“Nena bwino iwe!” anakuwa wokonza njinga. “Dzana unanena mokoma!”

Zimene zinatsatira sindinazionepo chibadwire. Munthu mmodzi anamenyana ndi gulu lodzaza bwalo la mpira. Galimoto zinkauluka ngati ziwala. Ankathira mafuta pamsewu n'kuyatsa ndi ndudu, iye n'kumachoka pang'onopang'ono osacheuka, moto ukukwera kumbuyo kwake kuposa phiri la Chiradzulu. Ine ndinkangoyang'ana mfuti yake. Inkalira osapuma, osaikamo zipolopolo zina, ndipo ndinakumbukira nsupa ya mkazi wamasiye ija imene mafuta ake sanathe m'zaka za chilala. Ndinadzifunsa kuti amene anapanga zimenezi anawerengako Malemba, kapena mtima wa munthu kulikonse umangolakalaka chinthu chosatha?

Posakhalitsa ndinazindikira kanthu kena. Mzungu akanena mawu awiri, mlamu wanga ankalankhula ngati ulaliki. Mzungu akalankhula nthawi yaitali, iye ankangoti, “Akuti tiyeni.” Chingerezi chimenecho sankachimva, monga inenso sindinkachimva. Ankayang'ana nkhope ndi manja, nkhani n'kumaitunga m'chitsime chimodzi chokha chimene ankachidziwa. Mkazi wokongola atayamba kusisita tsitsi la chimunthu chija, iye anati, “Akumufunsa kuti mphamvu zako zagona pati. Usaulule, mbale wanga, tinaona kale zimenezi!” Adani atamutsekera m'chipinda cha moto, anati, “Asonkhezera ng'anjo, koma muona, ngakhale fungo la utsi silimugwira.” Mkulu wa adani, wadazi ndi diso limodzi, anamutcha mfumu youma mtima, ndipo ngozi iliyonse yomugwera inali mliri.

Ndiye panafika poti chimunthu chija chakwera njinga yamoto pamwamba pa nyumba yosanja, ndege ya chikapa chozungulira ikuthawa ndi mwana wake wamkazi. Anathamangitsa njingayo mpaka kumapeto kwa denga, nalumpha nayo m'malere. Ndinapezeka ndaimirira, chipewa chili m'manja, ndikukuwa kuti, “Gwira! Gwira chitsulocho!”

Pomwepo jenereta inatsokomola n'kuzima.

“Mafutaa! Watibera iwe!” anthu anakalipira mwini chisakasa, iye n'kuthamangira panja ndi chigubu. Koma palibe anatuluka, ngakhale kunkatentha ngati mu uvuni wa njerwa. Mlamu wanga anapitiriza nkhani mumdimamo, chithunzi palibe. Anati munthuyo ali lende pakati pa thambo ndi dziko, dzanja limodzi lokha, ndipo amene amasunga mpheta kuti isagwe ndi yemweyo akudziwa za dzanja limenelo. Jenereta itayakanso, chimunthu chija tinachipeza chili lendedi, ndipo ndinasangalala ngati mbuzi yanga yotayika yapezeka.

Titatuluka ndinamukokera pambali.

“Alamu, munthu ameneyu anafadi?”

“Kaya. Nyumba inamugwera, koma mtembo sitinauone.”

“Nanga munaneneranji kuti wauka?”

“Ndikanati chiyani? Sabata yatha tamulira, lero akuwaza nkhuni. Mawu ena sanandibwerere.” Anandigwira mkono. “Mukawauza kuti chiyani? Kwaya ija ndi moyo wanga, alamu.”

“Zimene ndaona.”

Lamulungu titaweruka, akulu anakhala m'chipinda chovalira abusa, mlamu wanga ataima pakhomo manja kumbuyo. Ndinafotokoza zonse, za manda, za ng'anjo, za mdima, ngakhale za kuimirira kwanga. Mkulu wina anati kusakaniza Mawu ndi mfuti n'kuthira mchere m'thobwa. Sindinamutsutse, chifukwa inenso zinkandivuta mumtima.

Mkulu wa ndodo uja anamvetsera maso ali otseka. Kenaka anafunsa kuti, “Ndegeyo anaigwira ndi dzanja liti?”

“Lamanzere, bambo.”

“Njingayo inagwera kuti?”

“Sanationetse.”

“Hmm. Njinga yabwinobwino.” Anagogoda ndodo pansi. “Funso ndi ili: munthuyo anafa kapena sanafe? Ngati anafa, kanemayo ndi wabodza ndipo mwanayu wafalitsa mwano. Ngati sanafe, wangolakwitsa kunena, monga timalakwitsa tikamva mphekesera ya maliro. Ndani pano anaona gawo loyamba?”

Onse anayang'anana. Wina anati atumize munthu akalione, koma mlamu wanga anati tepi yake makina anaitafuna, inabwezedwa ku Limbe.

“Ndiye mtembo palibe, mboni yoona palibe,” anatero mkuluyo. “Mayi uja anamva ndi khutu ali kunja kwa mpanda. Malemba salola kuti munthu atsutsidwe ndi pakamwa pamodzi.” Anatembenukira kwa mlamu wanga. “Koma iwe, kuuka ndi kwa Mmodzi yekha, ndi ife pa tsiku lomaliza. Wa mfutiyo uzinena kuti anapulumuka. Ndipo Lamulungu usapondeko kukanemako.”

“Ndamva, bambo.”

Tsiku la mgonero ndinali m'gulu loyendetsa mbale ya mkate. Nditafika pa benchi ya kwaya, mlamu wanga anatambasula manja onse awiri. Anatenga kachidutswa kake, nawerama nthawi yaitali, mpaka anzake anachita kumugwedeza kuti adzuke ayambitse nyimbo.