Nsapato za Manase pakhomo la Kalolaine

Kalolaine Fifita ndakhala naye moyandikana kuno ku Māngere chichokere ku Tonga, tonse m'nyumba za boma. Mphamvu zake zinathera kochapa nsalu za m'mahotela. Mwamuna anamwalira, ana anakamatirira ku Brisbane. Anangotsala ndi mlongo wake Manase, amene anabwera kudzathyola maapozi, chilolezo chokhalira m'dziko muno n'kutha, iye osabwerera.

Manase ankagona m'galaja. Sikunali kubisala ayi, kwathu mwamuna sagona denga limodzi ndi mlongo wake. Koma a ofesi ya nyumba ankadziwa kuti Kalolaine amakhala yekha.

Denga linkadontha, khoma lakuda bii ndi nkhungu, mayi kutsokomola ngati wameza munga. Ndikati kawauze akonze, iye ayi. Ankati ukatchula dzina ku ofesi ya nyumba, mawa lili kwa a imigireshoni, makompyuta awo amachezerana. Ndinkamunena kuti ndi wamantha ngati nkhuku. Chikhalirecho zaka zija apolisi ankatidzutsa ndi agalu posaka anthu opanda chilolezo tonse tinaziona.

Tsiku lina ndili kwa Kalolaine kunabwera mtsikana woyendera nyumba, Msamoa, dzina lake Fiaola, kumwetulira kuposa muyeso. Munthu wa boma akamwetulira choncho, ine ndimayang'ana chikwama changa. Manase anatulukira kuseri osavala kanthu kumapazi. Nsapato zake zantchito zinatsala pakhomo, chifukwa ife sitilowa nazo m'nyumba. Zinsapato ngati mabwato, matope ali phaa.

Fiaola anavula zake, n'kuziika pambali pa zinazo. Anaona denga, anamva chifuwa chija, n'kunena kuti pali nyumba yabwino, bola Kalolaine atchule onse okhala pano.

"Musaope, mayi. Zimene mwatiuza sizipita kwina, lamulo limaletsa."

"Mwanawe, lamulo linabadwa ndi iwe?" ndinatero. "Amene analilemba akadali ndi cholembera."

Anaseka, kenako n'kufunsa kuti nsapatozo n'za ndani. Kalolaine ndi mzati wa mpingo, sadziwa kunama. Ndinati n'zanga, mapazi amanditupa. Ndinazivala pomwepo, n'kumakwekwereza mpaka kwanga, mtsikanayo akundiyang'ana. Pa geti ndinacheuka, ndinaona akudinadina pafoni yake. Kalolaine amati ankalemba za denga. Kalolaine waona liti za pafoni ya mwini?

Sabata yomweyo Manase anamanga katundu, ulendo ku Hastings kuminda. Mlongo wake ndiye anamuthamangitsa, akulira, atamulongedzera chinangwa ndi nyama ya m'chitini.

Denga anakonza, chifuwa chinaphwa. A imigireshoni sanabwere. Mwina mtsikanayo ananena zoona, mwina sanafike pa dzina lathu. Manase amaimba foni kufunsa ngati angabwerere, Kalolaine amati dikira kaye. Lamulungu amadya yekha, kapena ndi ine, zomwe n'chimodzimodzi poti ndimangomukalipira.

Nsapatozo zili kwanga. Fiaola akamabwera ndimazivala.