Simbi ya a Rozina pa Boneti ya a Tcheyamani

Mukafunsa kuno ku Kaphuka kuti munthu wanzeru ndani, akulozerani aphunzitsi poti amavala magalasi. Bodza. Wanzeru ndi a Rozina, amene anachapa ndi kusita nsalu za pa guwa ku tchalitchi chathu zaka makumi awiri ndi zitatu, osapsereza ngakhale kansalu kopukutira chikho.

Sukulu analekeza Sitandade 2. Masisitere anawatenga akadali mtsikana kuti azitunga madzi, kenako sisitere wina wokalamba anawagwiritsa simbi ya makala, basi ntchito n'kukhala yomweyo. Manja awo ndi zipsera zokhazokha, koma kutentha kwa simbi ankakuyeza poiyandikiza pa tsaya, osati kulavulira monga tichitira enafe. Chinthu chimodzi chokha analakwitsa pa moyo wawo: kukwatiwa ndi a Gervazio, oimba belu ndi kuyatsa makandulo, munthu wa mtima wabwino koma woyamba kuchita, kuganiza pambuyo.

Mu Juni wa 1978 tinali ndi mdipiti wa Ukaristia wokathera pa mtanda wa pamwamba pa chitunda. Bambo mfumu miyendo inali itatha, choncho a Bonifasio, tcheyamani wa chipani kwathu kuno, anapereka Pijo yawo yakuda yomwe anabwera nayo ku Joni kuti iwanyamule. Si kuti ankakonda Mulungu kuposa ife, ankakonda kuonedwa. Lachiwiri lake galimoto yomweyo inali yoti ikanyamule alendo a chipani pa Boma.

Titafika pa mtanda paja tinapeza kuti tebulo laiwalika kumunsi. A Gervazio sanachedwe: anayala nsalu pakati pa boneti, guwa lapezeka. Koma mphepo ya ku Dedza mukuidziwa, zoikapo makandulo zinkangogwa. Pamenepo mkuluyu anachita zomwe amachita pa mbale kunyumba kwake: kudontheza phula, kumatapo kandulo. Makandulo khumi ndi awiri, pa penti penipeni. Injini inali idakali yotentha, phula linasungunuka n'kuyenderera mpaka pa nyali zakutsogolo. Mapemphero asanathe mphepo inali italiumitsa gwa!

A Bonifasio sanaone msanga poti anagwada kutsogolo atatsinzina kwambiri kuti tonse tiwaone. Atatsegula maso, chipewa chinawagwa m'manja.

"Gervazio! Galimoto iyi imanyamula mbendera ya chipani, iwe waisandutsa choikapo kandulo? Lachiwiri ikapita chonchi, ukafotokoza wekha ku Boma."

Masiku amenewo munthu akapita kukafotokoza ku Boma, mkazi ankayamba kuzolowera kulima yekha. A Rozina anayang'ana amuna awo. Ndi opusa, inde, anatero mumtima, koma ndi anga.

Azibambo anaunjikana, aliyense ndi nzeru yake. Wina akuti madzi owira. Wina akuti mchenga, ngati akukwecha poto. A Yeremiya okhoma zidebe anali atatulutsa kale mpeni, a Rozina n'kuwamenya pa dzanja, phwa!

"Achimwene, mpeniwo kasendereni mbatatesi. Galimoto igone panja pa tchalitchi, osaifunditsa kanthu."

"Mayi, iyitu si nsalu," anatero a Bonifasio.

"Phula ndi phula, a tcheyamani. Silidziwa kuti ladonthera pa ndani."

Lolemba m'mawa, udzu uli mbuu ndi chisanu, a Rozina anafika ndi dengu pamutu, a Gervazio pambuyo atanyamula ndowa. Usiku wonse wa chisanu unali utagwira ntchito yomwe iwo ankafuna: phula linali louma ngati chigoba cha dzira. Anatenga kansungwi kosalala, n'kumakalowetsa pansi pake pang'onopang'ono, phula n'kumathothoka lokha, tho, tho.

Koma pomwe pachoka phula pankatsala mabanga oyera ngati zipere. Anthu amene anasiya makasu kudzaonerera anayamba kung'ung'udza, ena achisoni, ena okondwa, poti pa mudzi sipalephera wofuna ntchito yoimba belu.

Pamenepo a Rozina anatulutsa simbi.

"Mayo, galimoto yanga!" A Bonifasio anagwira kumutu. "Mukufuna kuisita? Ndi buluku langa limeneli?"

"Khalani pa mwalapo, bambo, mukunditchingira dzuwa."

Tcheyamani wathunthu, woopedwa ndi mudzi wonse, anakhala pa mwala.

Mu simbimo anaikamo makala atatu okha. Anaiyandikiza pa tsaya, anadikira, anaiyandikizanso. Pa banga anayalapo pepala la khaki lokulungira shuga, pamwamba pake nsalu yopinda kanayi, ndipo simbi inangopsompsona n'kunyamuka. Ataonetsa pepala lija linali litada ndi mafuta, lamwa phula. Pepala lina, banga lina. Sankafulumira. Ankaimba nyimbo ya Maria chapansipansi monga achitira akamasita za Pasaka, ngakhale kuti thukuta linkawatsika m'chisanu chonsecho, poti ankadziwa kuti khala limodzi likapsa mopitirira, penti itukusira ndipo amuna awo apita.

"Amayi a Benedicta, kodi zitheka?" ananong'ona a Gervazio, kuitana akazi awo ndi dzina la mwana.

"Inu gwirani mapepala. Kuganiza munaganiza dzulo, kwakwana."

Kachifunga komwe kanatsalira anakapukuta ndi dontho la parafini, n'kutsuka msanga ndi sopo ndi madzi ofunda. Pomaliza anapukuta ndi kansalu kofewa kwambiri. A Bonifasio mpaka lero sadziwa kuti linali thewera lakale la mdzukulu, ndipo inu musakawauze.

Belu la masana lisanalire, boneti inali waliwali, mitengo ya paini ikuonekeramo. A Bonifasio anawerama kufunafuna banga. Anayendetsa chala, ananunkhiza, kenako anadziona nkhope n'kuyamba kukonza chipewa. Azimayi anaimba nthungululu.

"Chabwino," anatero a tcheyamani atatsokomola. "Za ku Boma zatha, Gervazio. Koma taonani, mayi, kutsogolo kukuwala, kwinaku kuli mbuu. Malizani galimoto yonse."

A Rozina anakhuthula makala pansi, anapinda nsalu zawo bwinobwino.

"Pepani, a tcheyamani, ine ndimasamala za pa guwa. Boneti iyi dzulo inali guwa, n'chifukwa chake ndaigwira. Kwinako ndi galimoto chabe, muli nawo anthu anu."

Anthu anayang'ana pansi kubisa mano. A Bonifasio anangolowa m'galimoto, poti munthu amene dzulo lake anagwada kutsogolo atatsinzina sakanakana kuti linali guwa. Lachiwiri Pijo inatsika ku Boma mphuno ikunyezimira, thupi lili fumbi.

A Gervazio anaimba belu zaka zina khumi ndi chimodzi, mpaka msana unawakana. Koma kuyambira tsiku limenelo machesi a tchalitchi ankakhala pa mfundo ya chitenje cha a Rozina. Lamulungu lililonse tinkawaona abambo aja ataima kuseri kwa tchalitchi, manja awiri atatambasula, akulandira kamtengo kamodzi.