Mtedza wa Chuku ndi Tebulo la Abwana

Chaka chimene ndinkalowetsa mayankho a alimi mu kompyuta, bungwe lathu linkagula mtedza ku makalabu a kwathu ku Nsaru. Amayi anga anali m'kalabu ya azimayi okhaokha.

Tsiku lina abwana, bambo amene mtedza ankaudziwa wokazinga basi, anatulutsa tebulo la manambala. Mbali ina amuna ndi akazi, mbali ina mtedza wabwino ndi wa chuku. Pulogalamu yowerengera inaonetsa kuti chuku chachuluka kwa akazi. Mlandu unathera pomwepo: akazi sasamala, makalabu awo tisiye kuwagula.

Ndinapsa mtima. Ine ndinakula ndikuswa mtedza mpaka zala kutupa. Woswa ndi manja amawaza madzi kuti makoko afewe, ndipo chinyezicho ndicho chimaitana chuku. Nanga makina oswera anapatsidwa ndani? Makalabu a amuna, poti wolembetsa ankayenera kukhala mutu wa banja.

Funso la kaswedwe linalipo pa fomu ya mafunso a alimi, koma palibe analilabadira. Pa nkhomaliro ndinauza kompyuta kuti igawe alimi pawiri, a makina paokha, a manja paokha, kenaka iyese ngati m'gulu lililonse chuku chikusankhabe pakati pa mwamuna ndi mkazi. Sichinkasankha. Amuna oswa ndi manja mtedza wawo unali woipa chimodzimodzi, ndipo akazi ochepa obwereka makina wawo unali wabwino.

Ndinapita nalo pepala la zotsatirazo kwa abwana. Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti anavomera kuti mayesowo ndi olondola. Koma lipoti la tebulo lija, akuti, linali litapita kale kwa opereka thandizo, ndipo kulibweza n'kudzichotsa ulemu.

"Achemwali, munalembedwa ntchito yotaipa. Zoganiza tisiyireni."

Loweruka ndinapita kumudzi, n'kupeza mbiri yafika kale. Ndinkayesa amayi akalipa, koma anali ndi manyazi ngati agwidwa ndi nkhuku ya eni. Ndinawafotokozera kawiri konse kuti vuto ndi makina, osati iwo.

"Ndiye kompyutayo yanena kuti si ife, eti? Nanga wamva zimenezi ndani?"

Ndinati ine ndi abwana. Anangopukusa mutu, poti mudzi wonse unali utamva zina, zoti mtedza wa azimayi a kalabu ndi wodwalitsa.

Sabata yotsatira inali nthawi yawo yophikira abusa. Amayi amene mpingo wonse unkawadziwa ndi nkhwani wotendera anaphika wopanda nsinjiro, kuopa kuti mbale ingabwerere yosakhudzidwa.