Kutentha Komwe Sindinayeze

Ndili mlangizi wa zaulimi ku Matope, a ku ofesi anandipatsa ntchito yoyeza kutentha tsiku ndi tsiku m'munda wa thonje. Manambalawo ankawalowetsa mu kompyuta, ndipo masamu ake ankalosera tsiku limene thonje lidzakhwime kuti alimi akonzekere kutola.

Mwezi woyamba ndinkapalasa njinga mokhulupirika. Kenako ndinatopa. Dzuwa la m'mbali mwa Shire limaphika munthu, ndipo kwa milungu itatu kumundako sindinapondeko. Ndinkakhala pakhonde la sitolo ina pa Zalewa n'kumalemba manambala a m'mutu mwanga, ndikuwasinthasintha pang'ono kuti aoneke enieni. Poti thukuta linkandiyenderera, ndinalemba okwera kwambiri.

Kompyuta inati thonje likhwima msanga. Ndinakauza a Nambewe, mayi wamasiye amene tinkayezera m'munda mwawo. Iwo anaitanitsa achemwali awo awiri kuchokera ku Matandani, kuwasiyitsa kukolola chimanga chawo, kuti adzathandize kutola. Atafika anapeza thonje likadali lobiriwira, losatseguka n'komwe.

"Alangizi, kodi makina anu aja amati chiyani?" anandifunsa a Nambewe, osakwiya.

"Nthawi zina kompyuta imalakwitsa, mayi," ndinayankha, maso ali pansi.

"Basi musadandaule, mwanawanga. Vuto si inu."

Achemwali awo anabwerera tsiku lomwelo. Ine ponyamuka, a Nambewe anandipatsa dzungu lalikulu kuti ndisaziganizire kwambiri. Ndinalilandira ndi manja awiri, ndipo kunyumba ndinakadya.