Kabokosi ka boti la alamu anga

Alamu anga, amuna a achemwali anga, amapha tinsomba ta kapenta pa nyanja ku Siavonga. Anafika pa shedi yanga ku Kanyama m'mawa wina wa mvula, alitaneta ya boti lawo, makina othira moto m'batire, ili m'thumba la ufa. Ine ndimakonza zamagetsi za m'galimoto, za maboti sindinkazidziwa.

"Mulamu, regyuleta yapsa futi," anatero. "Batire ikafa pakati pa madzi, injini siliza. Sabata yatha mphepo inatikankha masiku yabili."

Regyuleta ndi kachipangizo koletsa alitaneta kuthira moto wopyola muyeso m'batire. Yawoyo inali m'kati mwa alitaneta, pa injini yotentha, n'chifukwa chake inkapsa. Yoika kunja sakanaikwanitsa kugula. Ndinawauza kuti ndipanga yanga, yokakhala kutali ndi injini. Basi yawo inali ya mawa lake masana.

Ndinajambula njira za waya pa katoni. Tizipangizo ndinazula m'wailesi yakufa, chidutswa cha aluminiyamu chochotsa kutentha ndinadula pa chimango cha zenera. Ndili pakati powotcherera, magetsi anathima. Chitsulo chowotchereracho ndinayamba kuchitenthetsa pa mbaula.

Mawa lake ndinapempha aneba oyendetsa minibasi kuti tiyesere pa injini yawo. Anavomera monyinyirika. Tinamanga alitaneta, ndinalumikiza kabokosi kanga, iwo n'kuliza. Muvi wa mita yoyezera mphamvu ya batire unakwera kufika pa 14, pamene unayenera kuima. Sunaime. Unadutsa 15, n'kumapita ku 16. Batire inayamba kubwata pansipansi, fungo la mazira owola linatuluka.

"Muzaniocela motoka imwe!" anakuwa aneba.

Alamu anali atawerama, nkhope ili pamwamba pa batire penipeni. Ndinawakankha ndi phewa n'kuzula waya. Sikuludiraiva inagwera m'matope.

Cholakwika ndinachipeza msanga. Waya woyeza mphamvu ya batire sunagwire, chitsulo cha pa mbaula chija chinali chitazirala pamene ndinkauwotcherera. Ndinabwereza, koma aneba anakana kulizanso. Alamu anawanyengerera kwa nthawi, akuyang'ana wotchi, mpaka anebawo anagwira kiyi.

Muvi unakwera, unafika pa 14 n'kupyola pang'ono, unaima. Tinayatsa nyali zonse, aneba anaponda mafuta, muvi sunasunthe. Tinamasula alitaneta ndi kabokosi, alamu ananyamula n'kuthamangira ku siteshoni.

Basi anaipeza ikutuluka kale pa geti. Masiku anayi foni yawo sinkapezeka. Achemwali ankabwera ku shedi m'mawa uliwonse, n'kukhala pa benchi kudikira foni, ine ndikuganiza za mfundo iliyonse imene ndinawotcherera. Tsiku lachisanu alamu anaimba, mphepo ikusokosa m'foni.

"Kabokosi kasebenza, mulamu. Koma madzi yangena pa chivundikilo. Mupange kenangu kotseka bwino, anzanga abili akafuna."

Ndinapereka foni kwa achemwali, ine ndinakhala pa tayala.