Poto Wosalawa Nyama

Khomo langa ndi la a Nthiti n'zoyang'anizana, ndipo makina anga osokera ali pawindo, ndiye musandiyese wamiseche. Zimene ndikuuzenizi zinkangodzilowera zokha m'maso.

Dzina la Nthiti linachokera kubutchala kumene akhala akudula nyama kuyambira ali mnyamata, koma thupi nalo linavomereza: munthu wamtali, wowonda, woti sungakhulupirire kuti amaswera pakati pa mafuta. Akazi awo ali moyo, Lamlungu lililonse a Nthiti ankatereka nyama ya mafupa m'mawa n'kuisiya ikubwata mpaka masana, khonde lonse fungo lokhalokha. Ankakonda kunena kuti chakudya chabwino chimadikira munthu.

Mwana anali naye mmodzi, wamkazi. Mwanayo anapeza ntchito kumalo kosamalira nyama zodwala, ndipo posakhalitsa anasiya kudya nyama, mazira, mkaka, zonse. Mayi ake ankangoseka n'kumuphikira zake pambali. Koma mayiwo atamwalira, tsiku loyamba loti bambo ndi mwana adye awiriwiri, a Nthiti anakazinga chiwindi. Mtsikanayo anakankha mbale pang'ono, mwaulemu ndithu. Mawu a bambo ake ndinawamva ndili kwanga.

"Nsapato zako, mabuku ako, zonse zinachokera m'magazi omwewa. Lero akukununkhira?"

Mtsikanayo anatsuka mbale, n'kunyamula chikwama chake, n'kumapita. M'mawa mwake ndinawauza a Nthiti kuti pakamwa pawo m'pakuthwa kuposa chikwanje chawo, ndiponso kuti madzi akatayika saoleka.

Zaka zinadutsa. Foni ankaimbirana, koma ya mwadzuka bwanji basi. Kuphika a Nthiti anasiya. Akaweruka ankadya buledi ndi tiyi ali chiimire, wailesi ikudzilankhulira yokha pa tebulo. Ndinkawamvera chisoni, ngakhale ndinkadziwa kuti anaziputa okha.

Tsiku lina anagogoda kwanga atanyamula kapaketi. Mwana anali atanena kuti adzadutsa Lamlungu lina, ntchito ikalola, koma sadzakhalitsa. Iwo anagwira mawu omalizawo. Chimene ankafuna n'chimodzi: mwanayo adyenso m'nyumba mwawo, chakudya chophika iwo. Mayi wa m'shopu ndiye anawauza za manudozi, timizere topyapyala ta ufa wa tirigu tija timapsa usanamalize kupukuta mbale. Maso awo anali atayamba kufooka, ndiye anafuna ndiwawerengere zolembedwa kumbuyo. Ndinawauza kuti timizereto tilibe vuto, koma kathumba ka zokometsera kali m'katiko muli nkhuku. Anakataya pomwepo.

Anagula poto watsopano, chiwaya chatsopano, mpeni ndi kathabwa kodulirapo, n'kuzikhomera msomali wakewake kutali ndi ziwiya zakale. Ndinayesa kubwereka chiwayacho kuti ndikazingire mazira, anandikaniza ngati ndapempha impso. Asanazigwire ankasamba m'manja ndi sopo, kenako n'kudzipaka ndimu mpaka m'zikhadabo.

Kuphunzira kwake kunali koseketsa. Kabichi ankamudula zibenthu zikuluzikulu ngati nyama yootcha. Manudozi oyamba anawasiya pamoto n'kupita kukachapa malaya, poti munthu anazolowera mafupa, ndipo anakapeza phala. Wolawa ndinali ine, ndipo sindinkawanyengerera. Pang'ono ndi pang'ono dzanja linagwira. Madzi awire kaye, manudozi alowe kanthawi kochepa, atsanulidwe akadali olimbirako. M'chiwaya mafuta pang'ono, anyezi, adyo, jinja, kenako karoti ndi kabichi wodula mopyapyala, moto waukulu. Manudozi abwerere m'menemo, msuzi wakuda wa soya wa m'botolo, mtedza wokazinga wophwanyaphwanya pamwamba, ndimu pomaliza. Anafika poti ankaphika zonsezo ine ndisanamalize kusokerera batani, ndipo ankanyadira liwiro lawolo.

Vuto lake, chakudya chimenechi sichidikira munthu. Chikakhala pang'ono chimamatana. Choncho Lamlungu lililonse ankadula zonse n'kuziika m'timbale, madzi ali chifundire pa sitovu, iwo n'kukhala pampando pakhomo atavala malaya osita. Nsapato zikamveka pamasitepe ankadzuka. Ankakhala ali wogulitsa matsache, kapena alendo a khomo lina. Dzuwa likapendeka ankaphika, n'kudya okha, mbale yachiwiri n'kuibwezera pashelefu ili youma. Masabata ena ndinkatseka katani kuti ndisaone.

Mwana uja anabweradi, Lamlungu lina kuli mitambo. Anali atanenepako, nkhope ya mayi ake yeniyeni. Moni wawo unali wouma, wogwirana nsonga za zala. Ananena kuti basi yake sichedwa. A Nthiti sanamve n'komwe, anali kale pa sitovu, chitseko chili chitsegulire. Manja aja sindinawaonepo akuthamanga choncho. Mwanayo asanamalize kufotokoza za ulendo, mbale inali patsogolo pake ikufuka nthunzi.

Anaiyang'ana, n'kuyang'ana poto ndi chiwaya, ndi msomali wake uja pakhoma. Anadya zonse, mpaka kutola mtedza wotsalira ndi chala.

"Zakoma, ababa," anatero.

Ndiyeno panalibenso choyembekezera. Mbale inali mbee, moto wozima. Mtsikanayo anayang'ana foni, n'kuimirira. Paja amati mlendo ndi mame, koma uyu anali mwana wa m'nyumba momwemo. Bambo ake anamuperekeza kumsewu, ndipo pamene ankabwerera ndinali ndisanamalize mpendero wa siketi umene ndinauyamba iye akulowa.

Anaima pawindo langa, manja lende. Ndinkati ndiwayamikire, koma nkhope yawo inali yakugwa.

"Aneba," anatero, "miyezi yonseyi ndimaphunzira kumuthamangitsa mwana wanga."

Ndinawafunsa ngati wati abweranso. Anati wangoti aona. Anapukuta zala pa malaya osita aja, kenako anandifunsa ngati nyemba nazo angadye. Ndinati angadye bwinobwino, ndipo poti ndine wa pakamwa posakhalitsa ndinawonjeza nzeru: aziziviika m'madzi dzulo lake kuti zisamachedwe kupsa.

"Ayi," anatero. "Sindiviika."

Nyembazo anagula tsiku lotsatira, zouma gwa, ndipo zili m'botolo pafupi ndi poto uja. Lamlungu lililonse a Nthiti amakhala pampando pakhomo, malaya osita, sitovu yozima. Akuti adzayatsa moto mwana akadzakhala pansi.